Khoma la ku Ireland ndi chimanga cha nkhuku

Chithunzi chija chinalowa mufoni Lamulungu masana, nditangovula jekete la kutchalitchi. Anatumiza ndi mwana wanga wamkazi amene amakhala ku Ireland. Anapita kukaphunzira, kenaka anapeza ntchito yosamalira okalamba, ndipo nthawi imeneyo ankasamalira mayi wina wachikulire kwambiri kumudzi wina kutali ndi tauni. Pachithunzipo anali ataima atavala chijasi chachikulu, koma maso anga anapita kumbuyo kwake. Kunali phiri la miyala yokhayokha, lopanda mtengo, lopanda munda, ndipo khoma la miyala linakwera phirilo molunjika mpaka pamwamba.

Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri mushopu ya simenti ndi malata ku Limbe, ndipo ndinazolowera kuti munthu akamamanga khoma ndiye kuti pali chimene akutchinga: mbuzi, akuba, kapena maso a anzake. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala. Mbali iyi miyala, mbali inayo miyala. Ndinamulembera kuti khomali likutchinga chiyani. Anayankha kuti iye wanditumizira chithunzi cha mwana wanga, ine ndikufunsa za miyala. Komabe analonjeza kuti afunsa agogo, poti ndi mmene ankawatchulira mayi ankawasamalirawo.

Chimwalirire mayi a kunyumba, nyumba yathu ya ku Chigumula inandikulira, ndipo ndinayamba chizolowezi chokhala ndi funso limodzi masiku ambiri, monga ena amakhalira ndi mphaka. Ndinkadzuka nalo, kupita nalo kumapemphero a m'mawa, kubwera nalo. Funso la khomali linakhala nane mpaka yankho linafika.

Agogo aja anati khomalo ndi la njala. M'zaka za m'ma 1840 mbatatesi ya dziko lonselo inagwidwa ndi matenda. Munthu ankasiya munda uli wobiriwira, patapita masiku ochepa masamba ada, ndipo akakumba ankapeza zowola zonunkha. Anthu osauka kumeneko ankadya mbatatesi m'mawa, masana ndi madzulo. Malo anali a anthu olemera, ndipo tirigu ndi ziweto zinkapita kukalipira malowo, mwakuti zombo zinkanyamukabe ndi chakudya anthu akufa. Boma lawo linkakhala ku Mangalande, lomwe lija linadzatilamulira ifenso. Akuluakulu a bomalo anaona kuti si bwino kupatsa anthu chakudya chaulere. Anati anjala agwire ntchito, alandire kangachepe, akagule okha. Ntchito zina zinali zaphindu, koma zina zinali misewu yothera m'dambo ndi makoma ngati lija, lotchinga miyala kuti isapite kwa miyala inzake.

Ndinawerenga uthengawo kawiri. Kumsika wa Limbe amayi amaitanira mbatatesi yomweyi kuti ailishi tsiku lililonse, ine ndagula kosawerengeka, koma sindinaganizepo kuti kuseri kwa dzinalo kuli anthu, ndiponso kuti anthuwo anafa ndi njala pafupifupi miliyoni. Azungu amene ndinawadziwa moyo wanga wonse anali obwera ndi galimoto. Sindinathe kumuona m'maganizo mzungu wonyamula mwala m'mimba mulibe kanthu. Chinandivuta koposa ndi ichi: munthu wokhuta anakhala pansi, naganiza mofatsa, nkupeza kuti njira yodziwira wanjala weniweni ndi kumusenzetsa mwala. Sindinafulumire kumuweruza. Ndinkangofuna kudziwa chimene ankaopa.

Chaka chimenecho kwathu kuno kunalinso njala. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo timinda ta m'mbali mwa nyumba, timene timatifikitsa miyezi ingapo, tinangopsa tili chilili. Boma linkagulitsa chimanga pang'onopang'ono m'misika yake, mizere yake yotalika kuzungulira mpanda. Kunalinso ntchito ya mthandizi, yolambula misewu ndi kukumba ngalande, ya amene ali ndi mphamvu. Ine sindinavutike kwenikweni, chifukwa mwana uja anandiuza msanga kuti ndigule matumba angapo mitengo isanakwere, ndipo pakamwa m'nyumbamo panali pamodzi.

Woyandikana nane chakumunsi ndi bambo wachisilamu, wondiposa zaka pang'ono, amene anayendetsa malole moyo wake wonse mpaka msana unakana. Ine ndimawatcha achimwene. Iwo amanditcha abusa, ngakhale akudziwa bwino kuti kutchalitchi ntchito yanga ndi yoyala mabenchi ndi kutsegula mawindo. Chiyambire kukhala moyandikana, nkhuku iliyonse yodyedwa m'nyumba mwathu ankazinga ndi iwo. Mayi a kunyumba ankati saphika nyama imene mnansi sangadye, ndiye pa Khirisimasi paliponse achimwene ankabwera ndi mpeni wawo, kuyang'anitsa nkhuku kumene amayang'ana popemphera, kunong'ona mawu awo, ndipo madzulo mbale inkawoloka mpanda. Pa Idi mbaleyo inkabwerera ndi mpunga. Pamaliro a mayi a kunyumba, iwo ndiwo anakhala pafupi nane.

Tsiku lina ndinapita kuchigayo cha kumsewu ndi kathumba kanga. Ndinawapeza achimwene kuseri, kumene amagulitsa madeya, mnyamata wa pachigayo akuwathirira m'jumbo. Atandiona anakweza jumboyo pang'ono.

“Ndi a nkhuku awa, abusa.”

Ndinavomera kuti nkhuku nazo zimafuna kudya, tinaseka, iwo nkumapita. Koma chitopa chinali chitamaliza nkhuku zonse za m'dera lathu nyengo yotentha. Khola lawo ndinkaliona ndili pakhonde panga: chitseko chinali chopendekeka, mkatimo mutamera udzu.

Pamenepo ndinayamba kuona zimene ndinkangozidutsa. Mwana wawo wamwamuna, amene ankawathandiza kuchokera ku Joni, anali atakhala chete miyezi yambiri. Kumzere wa chimanga achimwene sakanaima ndi msana uja, kumthandizi sakanagwira khasu. Akazi awo, amene ndimawatcha alamu, amamwa mankhwala a shuga, ndipo chitenje chinali chitayamba kuwazungulira kwambiri. Tsiku lina ndinawapeza akusefa madeya kuseri kwa nyumba. Atamva mapazi anga anavundikira lichero ndi nsalu, nkundifunsa za mwana wa kunja.

Ndinayesa njira yapafupi. Ndinawaitana achimwene kuti tidye limodzi, poti kudya wekha sikukoma. Anathokoza, nati akusala. Patapita masiku ndinawaitananso, anatinso akusala. Ndinawafunsa ngati mwezi wa kusala wasintha malo chaka chino. Anati munthu akakalamba machimo amachuluka, mwezi umodzi sukwana. Ndinaona kuti ndikaumiriza nditaya mnzanga, ndipo ndikapanda kuumiriza alamu adzagwa tsiku lina pakhomo pomwepo.

Nkhani za ku Ireland zinkabwerabe. Mwana uja anayamba kunditumizira mawu ojambula, chifukwa anati zala zake zatopa ndi mafunso anga. Agogo nawo akuti ankadikira. Akamawapesa tsitsi m'mawa ankafunsa kuti bambo ako afunsa chiyani lero. Ndinafunsa chifukwa chimene boma linakanira kungopereka chakudya. Agogo anati akuluakuluwo ankaopa kuti anthu azolowera kulandira, ndiponso kuti amalonda aleka kuitanitsa chakudya boma likamagawa chaulere. Mantha amenewo ndinawazindikira. Ndawamvapo pamisonkhano ya kutchalitchi, ndipo pena ndinawavomereza ndi mutu. Koma agogo anati ofooka kwambiri, amene ankafunika thandizo koposa, ndiwo ankalephera ntchitoyo, ndipo ena ankagwa pamsewu womwe ankamangawo.

Ndinali nditaganiza zowalemba achimwene kantchito, kuti andikonzere mpanda wa kumbuyo ndiwalipire ndi chimanga. Nditamva zimenezi ndinapita kukauyang'ana mpandawo. Unali wabwinobwino. Ndinausiya.

Kenaka inabwera nkhani imene inandiseketsa, Mulungu andikhululukire. Kumayambiriro kwa njalayo boma lija linagula chimanga ku Amereka nkubwera nacho pa zombo. Chimanga chenichenichi, chachikasu, cholimba ngati miyala. Anthu a kumeneko anali asanachidyepo. Mphero zawo zinali za mbewu zofewa, mtondo sankaudziwa, kukonola ndi kuviika sankakudziwa. Ambiri ankaphika chosaphwanyika bwino, chosapsa, ndipo chinkawapweteka m'mimba mwakuti ena ankachiopa. Boma linachita kusindikiza mapepala ofotokoza kaphikidwe kake. Ndinamuuza mwana wanga kuti amayi ake akanakhalapo ndi mtondo umodzi ndi azimayi awiri a m'kwaya, akanaphunzitsa dziko lonselo sabata imodzi. Ndinadabwa kuti anthu ophunzira, okhala ndi zombo, anatha kutumiza chakudya kutsidya la nyanja yaikulu osadzifunsa ngati wolandirayo angathe kuchimeza.

Nzeru ya nkhuku inandibwerera ndili pabenchi m'tchalitchi, ndipo ndinaiyesa yochokera kumwamba. Achimwene anati ali ndi nkhuku. Bwanji ndiwapezere nkhukuzo? Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, nkugula misoti iwiri yachikuda kwa munthu wochokera kumudzi. Pobwerera kondakitala anandifunsa ngati awiriwa alipira okha kapena ndiwalipirira, ndipo mayi amene ndinakhala naye anati madala akukafunsira. Ndinangomwetulira.

Madzulo ndisanatseke mawindo ndinakweza thumba la chimanga pawilibala, nkhuku pamwamba, nkuzungulira kuchipata chawo. Ndinafotokoza kuti ndafuna kuyambiranso kuweta, koma ine ndimachokachoka, khola ndilibe, ndipo mphamba wa kuno amandidziwa. Ndinawapempha kuti andisungire m'khola lawo. Chimangachi, ndinatero, ndi chakudya cha nkhukuzo.

Achimwene anayang'ana thumbalo nthawi yaitali.

“Nkhuku ziwiri, thumba lonseli?”

Ndinati ogulitsa andichenjeza kuti zimadya kwambiri.

“Ndiye kuti ndi za mpingo wanu,” anatero. “Tizisunga, abusa.”

Ndinabwerera kunyumba wopepukidwa. Ndinamuuzanso mwana wanga, iye nati adadi mwachenjera liti. M'mawa mwake ndinamva hamala, achimwene akukhoma chitseko cha khola. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkawaona akutuluka ndi kambale, kuwaza chimanga pabwalo, nkhuku zikutola. Ndinkati akuchita zimenezi kuti ine ndione, kuti nkhani yathu ikhale yoongoka, ndipo ndinkawayamikira mumtima kuti ndi munthu wodziwa kusunga ulemu wa mnzake. Nkhukuzo zinanenepa. Nthenga zinayamba kunyezimira, imodzi inayamba kuikira, ndipo mazira ankandibweretsera m'kambale komweko, osasowa ndi limodzi lomwe.

Mazirawo akanandiuza kanthu, koma sindinamve. Ndinamva nditawapezanso kuchigayo, kuseri kuja, jumbo ili m'manja. Ulendo uno sananene kuti ndi a chiyani. Anandipatsa moni, nandiuza kuti nkhuku yanga yofiira ikufuna tambala.

Lachisanu masana, iwo atapita kumzikiti, alamu anabwera pampanda. Si munthu wobwera pampanda popanda chifukwa. Anayamba ndi kuthokoza kuti pakhomo pamvekanso nkhuku. Kenaka anandiuza, maso ali pansi, kuti tsiku lomwe thumba linafika iwo anawapempha amuna awo kuti asinthanitse: nkhuku zidye madeya, anthu adye chimanga, poti nkhuku sizingadandaule. Achimwene anakana. Anati chinthu chosungitsidwa ndi cha mwini wake, ndipo mwini wake ananena ndi pakamwa pake kuti ndi cha nkhuku. Thumbalo analiika pamwamba pa njerwa kuchipinda, nalimanga pakamwa, ndipo ankalimasula iwo okha m'mawa.

“Ine sindikudandaula, alamu,” anatero. “Koma mankhwala angawa amafuna m'mimba muli kanthu. Dzana ndinaona mdima ndili pachitsime.”

Ndinakhala pakhonde mpaka mthunzi wa mpanda unafika pamapazi anga. Ndinali nditaseka boma la ku Mangalande kuti linatumiza chimanga chimene anthu sakanatha kumeza, ndipo ine, wodziwa mtondo ndi chigayo, ndinali nditangowolotsa mpanda umodzi thumba limene mnzanga sakanatha kudya.

Mufoni munali mawu ena a mwana wanga amene ndinali ndisanamvere. Ndinali nditafunsa ngati boma lija linasintha maganizo. Agogo anati inde, kwa kanthawi. Litaona kuti ntchito zija zikupha anthu, linatsegula malo ophikira, munthu nkumangobwera ndi mbale yake, popanda mwala wonyamula, ndipo miyezi imeneyo anthu mamiliyoni anadya. Kenaka linatseka, nkusiyira mtolowo madera omwe anali osauka kale, ndipo njala inapitirira. Pomaliza mwana wanga anatsitsa mawu. Anati agogo anamuuzanso zimene anamva kwa agogo awo, kuti mabanja ena, chakudya chitatheratu, ankalowa m'nyumba nkutseka chitseko kuti anthu odutsa asawaone mmene athera. Oyandikana nawo ankadziwa, koma ankalemekeza chitseko chotseka.

Sindinadikire kuti ndipeze nzeru ina. Achimwene atabwera ndinawapeza atakhala pampando wawo wa galimoto, umene anauchotsa mulole yakale, akuyang'ana nkhuku. Ndinakhala pa njerwa. Tinakamba za mvula, za yofiira ija ndi tambala wake. Mawu amene ndinabwera nawo anali olemera kuposa thumba lija. Kwathu munthu sauza mnzake wamkulu kuti ndaona muli ndi njala. Ndinayang'ana pansi.

“Achimwene, nkhuku zija ndinangonamizira. Chimanga chija ndinabweretsera inu ndi alamu. Ndikupempha mudye.”

Ndinayamba kuganiza kuti ubale wathu wathera pomwepo. Nkhuku imodzi inabwera kudzajompha chingwe cha nsapato yanga.

“Ndinadziwa tsiku lomwelo,” anatero. “Nkhuku ya thumba lathunthu sindinaionepo, ndipo ndayenda mpaka ku Beira. Koma inu munati ndi cha nkhuku. Ndikanatapa, pamaso pa Mulungu ndikanakhala wakuba. Ndikanabwera kudzakufunsani, pamaso panu ndikanakhala wopempha. Ndinali ndisanasankhe.”

Ndinati tsopano palibe kuba, palibenso kupempha, poti wopempha ndine.

Anapukusa mutu, koma ndinaona kuti masaya afewa. Anati zaka zonsezi ankandiyesa munthu wosanama, ndipo ndikadziulule kwa abusa enieni Lamulungu. Ndinalonjeza. Anatinso mazira apitiriza kubweretsa, chifukwa nkhukuzo ndi zangabe. Ndinati theka. Tinakangana pang'ono za theka limeneli, mokweza mawu kuposa mmene tinakambira nkhani yeniyeniyo, kuti alamu, amene ankamvetsera kuseri kwa chitseko, adziwe kuti zatha bwino.

M'mawa mwake tinakweza thumba lija pawilibala. Linali litatsika pang'ono chabe. Ine ndinkakankha, iwo ankayenda pambali dzanja lili pathumba, akundilangiza popewa maenje ngati ndikuphunzira kuyendetsa lole. Panjira tinakumana ndi anthu odziwana nawo, ndipo palibe anafunsa kuti chimangacho ndi cha ndani. Pamzere wa kuchigayo ndinawafotokozera za khoma lija, za mbatatesi, za chimanga chachikasu chimene azungu sankadziwa kuphika. Anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa funso limene ine sindinaliganize: amene ankayeza khomalo ndi chingwe kuti likhale loongoka, iyeyo ankadya kuti? Ndinati ndifunsa.

Titafika kutsogolo, mnyamata wa pachigayo anakonola, nkufunsa ngati madeya titenga kapena tisiya.

“Titenga,” anatero achimwene. “Kunyumba kuli nkhuku.”

Masana a tsikulo ndinaona alamu atakhala pakhonde, mbale ili pamiyendo, akudya mosabisa. Atandiona sanavundikire kanthu. Anangokweza dzanja, ine ndinakweza langa, nkulowa m'nyumba kukalemba funso la achimwene lisanandichoke.